Mitsuko Yopanda Milomo

Lolemba, 3 Juni

Fungo la dongo lonyowa. Ndangotsegula chitseko cha shedi m'mawa uno, zakale zonse n'kubwerera.

Ndili kamtsikana, ndakhala pa mphika wovundikira, miyendo yosafika pansi. Amayi ali pakona cha kuzenera, atipatsa msana, akumaliza mlomo wa mtsuko. Pakati pa shedi mtsikana amene ankaphunzira ntchito kwa iwo, tinkamutcha Manzere, akukulungiza mbiya ndi dzanja lake lokonda lija. Amayi osacheuka n'komwe: "Ndalimva dzanja limenelo." Kenako kansalu konyowa pa mkono, phwa! Manzere kusintha dzanja, n'kunditsinzinira diso. Amayi atangobwerera pakona pawo, nkhulungo yabwereranso kumanzere. Ine kuseka chamumtima mpaka kutsamwa.

Lero shedi yomweyo, koma zii. Zenera lija anakhomapo thabwa. Mitsuko yandandalika pansi, yonse yofunditsidwa ziguduli zonyowa. Ndavundukula umodzi. Mimba yabwino, khosi labwino, mlomo palibe. Yonse chimodzimodzi.

Ntchito ya pano inagawidwa kalekale. Wophunzira amaponda dongo, amaumba mimba ndi khosi. Mlomo ndi wa Amayi okha, ndipo amaupanga atafulatira aliyense. Anthu amatsata mlomowo. Wopyapyala, wopindikira kunja pang'ono, ukamathira madzi satsetserekera m'mbali ngakhale dontho. Wophunzira wa masiku ano ndi alamu anga, akazi a achimwene. Anabwera pakhomo pano ali mtsikana, lero ana awo ali ku sekondale. Mlomo sanaonetsedwebe.

Sitiroko inawagwira Amayi mwezi watha. Mwendo ukubwerera pang'onopang'ono. Pakamwa papotoka, koma lilime likadali lakuthwa. Dzanja lamanja ndiye ayi. Langogona pamiyendo ngati chikwama cha mlendo.

Ndapempha tchuthi kuntchito. Ndikugona m'chipinda changa chakale, pa bedi lomwe lija, lofupika tsopano.

Lachitatu, 5 Juni

Kuwasambitsa, kuwaveka, mapilitsi, kuwadyetsa, kuchapa. Ndikati ndikhale pansi, nthawi ya mapilitsi ena yakwana. Msana wanga si wa kamtsikana kaja.

Alamu akuumbabe m'mawa uliwonse. Dzulo ndinawafunsa kuti bwanji osapuma kaye, poti womaliza palibe. Anati, "Alamu, manja akazolowera sadikira kuuzidwa. Ndikangokhala ndiyamba kulira." Masana amazungulira shedi yonse ndi ndowa, kuwaza madzi pa ziguduli kuti dongo lisaume. Ngati namwino m'wodi.

Kunabwera mayi wa lesitilanti ya kumsika, kasitomala wakalekale. Amayi ali kuchipatala, alamu anayesa okha milomo pa mitsuko ingapo, n'kuotcha. Pamaso yooneka bwino ndithu. Mayi uja ananyamula umodzi, anatunga madzi mu mgolo, n'kuthira m'kapu. Madzi anatsika ndi khosi, mimba, mpaka kudonthera pa nsapato zake. Anaubweza pansi mwaulemu kwambiri. "Musadandaule, ndidikira mayi athu achire."

Alamu anamwetulira, anamuperekeza mpaka pageti. Pobwera anatsuka mbale zotsukatsuka.

Lachisanu, 7 Juni

Nzeru zanga za anthu a mapepala. Ndinati poti dzanja lakana, pakamwa palipo. Amayi anene, ine ndilembe, alamu aziwerenga. Ndinakhala pambali pa bedi ndi cholembera, wokonzeka ngati mwana wa sukulu.

Amayi anandiyang'ana. Chiyambire amanditcha Pensulo, poti manja anga sanasunge dongo n'kamodzi komwe. "Lemba, Pensulo. Ugwire, koma usagwire. Ukanikize, koma usakanikize. Likavomera, usiye." Nditafunsa kuti limavomera bwanji, anati ndilembe kuti kafunseni dongolo. Anaseka ndi theka la nkhope. Nanenso ndinaseka, koma pepala ndinalipinda.

Madzulo ake anatiuza kuti tiwapititse ku shedi. Tinawagwirizira uku ndi uku, tinawakhazika pakona pawo, mtsuko uli kutsogolo pa phale. Anatithamangitsa monga mwa masiku onse. Ndinaona pang'ono ndisanatuluke. Dzanja lawo lamanzere limazunguza phale pansi, lamanja limapana m'mphepete ndi kansalu. Lero analinyamula lamanjalo ndi linzake, n'kulikhazika pamwamba pa mtsuko ngati kusanjika chivundikiro.

Tili panja tinangomva bvu.

Dzanja linagwera m'kati, khosi lonse n'kuphwasuka. Sanatiitane. Titalowa anali atangokhala, mkono uli mu mtsuko mpaka m'chigongono. Alamu anatola tsache n'kuyamba kusesa posesa kale. Ine ndinatulutsa dzanja lija, ndinalitsuka chala chimodzichimodzi. Lofunda, lofewa, ngati lamoyo.

Chakudya chamadzulo anakana.

Lamulungu, 9 Juni

Achimwene abwera kuchokera ku ulendo, atopa, fungo la dizilo mpaka m'tsitsi. Titadya anandiitanira kuseri. Pali wowotcherera zitsulo amene akufuna shedi ya lendi, kuyambira kumapeto a mwezi uno. Mankhwala, mathiransipoti a kuchipatala, fizi ya ana. Lole imene amayendetsa si yawo, ndi ya bwana. Sanalankhule mwaukali, bola akanakalipa. Anati, "Chemwali, shedi yodzaza mitsuko yopanda milomo tiidya?"

Ine ndimabwera ndi chikwama, ndidzapitanso ndi chikwama. Mtolo ndi wawo.

Alamu nawo awapezera malo ku bekale ya pamsewu waukulu. Ayambe mwezi ukatha. Anandiuza okha tikuanula zovala. "Kukanda n'kukanda, alamu, kaya dongo kaya ufa." Ananena moseka, n'kupitiriza kuanula.

Zaka zonsezi kudikira mlomo. Sanadandaulepo pamaso pa apongozi awo. Ankangoti tsiku lake lidzafika. Tsiku lija lafika, koma lapeza dzanja litapita.

Amayi sitinawauze za shedi. Akudziwa. Makoma a nyumba ino sanasungepo chinsinsi cha munthu, kupatula chawo.

Lachiwiri, 11 Juni

Tsiku lonse kuchipatala. Benchi yolimba, mzere wosatha, minibasi yodzaza popita ndi pobwera.

Mayi wa mafizo, wolimbitsa ziwalo uja, ndi munthu wa mtima wautali. Anapinda dzanja lija, analitambasula, analitsina. Kenako ananditengera pambali n'kundiuza kuti tisayembekezere zambiri. Bola aphunzire kugwiritsa ntchito lamanzere, kudya, kupesa, kumanga mabatani. Anawapatsa supuni kuti ayesere. Amayi anaiyang'ana ngati awapatsa njoka. "Mwana wanga, dzanja limeneli lili ndi ntchito yake, ndipo si ya patebulo. Ndakalamba ndi ulemu wanga."

Choncho ndikuwadyetsabe ine. Munthu amene anaumba mbiya za theka la tauni ino, kuyasamula pakamwa kudikira supuni, dzanja labwinobwino ali nalo.

M'minibasi ndinakumbuka tsiku limene Manzere anachoka. Ndinali ku sekondale. Amayi anapita ku maliro akutali, anakhalitsako. Mitsuko inayamba kuuma, ndiye Manzere anaimaliza yekha. Amayi pobwera anapeza milomo ili mbee, yopyapyala, yopindika bwino, ngati yawo. Anayendetsapo chala. Kansalu kamasiya timizere tosaoneka bwino pa mlomo, ndipo ta Manzere tinkapendekera kwina, mobwerera. "Mitsuko yoyang'ana kumbuyo pakhomo panga ayi." Anaiponyera m'dzenje la dongo isanaotchedwe, n'kuipondaponda okha ndi mapazi.

Manzere sanalire. Anasamba m'manja, anatenga kansalu kake, anandisisita pamutu, n'kutuluka. Dzina lake silinatchulidwenso m'nyumba muno. Mmene anadziwira mlomo palibe anamvetsa. Amayi ankangoti anaba.

Mutu ukupweteka. Zochapa zikudikira.

Lolemba, 17 Juni

Sindinalembe. Amayi anadwala chifuwa, kenako ine. Alamu ndiwo anatisamalira tonse, ndipo ziguduli za ku shedi zinauma. Mitsuko yonse yachita ming'alu. Loweruka anaiphwanya ndi musi n'kuiviika mu mgolo kuti ibwerere kukhala dongo. Phokoso lake linkamveka mpaka kuchipinda. Amayi anatembenukira kukhoma.

Chiphwanyireni alamu sanaumbenso. M'mawa akumangokhala pakhonde, manja pamiyendo. Tsopano pakhomo pano pali manja atatu ogona.

Lero ndinapita kukagula mankhwala a chifuwa kutsidya la njanji, poti kufupi kuno atha. Pafupi ndi famase, mayi wina wayala mbiya pansi. Ndinadutsa, kenako ndinabwerera. Kamtsuko kena, mlomo wake. Ndinakanyamula, ndinakapendeketsa padzuwa. Timizere tobwerera. Ndinapempha madzi, ndinathira pansi. Ngakhale dontho m'mbali.

Wogulitsayo akuti amaoda kwa mayi wina wa imvi, kuseri kwa galaja ya mabasi. Ndinagula, ngakhale ndalama yake inali ya zina.

Kunyumba ndinangokaika pa tebulo la pambali pa bedi la Amayi. Ndinayamba kupinda zovala, diso lili komweko. Amayi anakayang'ana, anayang'ana kudenga, anakayang'ananso. Kenako dzanja linatuluka m'bulangeti. Lamanzere. Chala chachikulu chinayenda pa mlomo kuzungulira, pang'onopang'ono, osakodwa paliponse.

"Khosi wanenepetsa," anatero. "Sanasinthe, mutu ngati mwala."

Patapita nthawi anati akumva ludzu, ndipo ndiwathirire a m'kamtsuko komweko.

Lachitatu, 19 Juni

Ndapitako. Osatumidwa ndi munthu.

Kuseri kwa galaja, pansi pali mafuta akuda, mabasi akufa, kenako kampanda ka malata. M'kati mitsuko mpaka kudenga. Ophunzira angapo, amayi akuluakulu ndi atsikana, ena lamanja ena lamanzere, onse atazungulira munthu mmodzi. A Manzere akumaliza mlomo pakati penipeni pa bwalo, aliyense akuona. Imvi mbuu, thupi lanenepa, koma diso lotsinzinira lija lilipo. Anandizindikira ndisanapereke moni. "Pensulo! Wakula mpaka magalasi?"

Anandikhazika pa mphika wovundikira. Ndinafuna kulira, sindikudziwa chifukwa chake.

Za sitiroko anamva kale kumsika. Ndinafotokoza za alamu, za shedi, za bekale. Ndinapempha kuti abwere adzawaonetse alamu mlomo, ngakhale tsiku limodzi. Anapukuta m'manja nthawi yaitali. "Akutuma ndi iwo?" Ndinati ayi. Anati pakhomo pamene anapondedwa sangalowepo chozemba, ngati wakuba amene ankamunena uja. "Mlamu wakoyo akafuna abwere kuno, ndimuphunzitsa ngati ena onsewa. Koma ku shedi ija, pokhapokha mwini wake aitane ndi pakamwa pake."

Ndikudziwa alamu sangapite. Kwa iwo kungakhale kuwaika m'manda apongozi awo akadali moyo.

Ndisananyamuke ndinafunsa chimene chandisautsa kuyambira ubwana. Anadziwa bwanji, poti Amayi ankafulatira? Anaseka mpaka kutsokomola. Zenera la pakona lija linkayang'ana khoma la oyandikana nawo, kunja kwake mdima, ndiye galasi lake linkaonetsa ngati kalilole. Iwo akukulungiza mbiya kumbuyo, ankaona zonse. "Ndipo m'galasimo, Pensulo, amayi ako anali amanzere ngati ine. Sindinabe kanthu. Anandiphunzitsa okha tsiku ndi tsiku, ndi dzanja lomwe ankandimenyeralo."

Galasilo linasweka a Manzere atachoka kale, achimwene akusewera mpira. Alamu pobwera pakhomo pano anapeza pali kale thabwa.

Anandilembera nambala yawo pa chikatoni cha sopo. Minibasi yobwerera inafera panjira. Ndayenda wapansi kuchokera pa mphambano, mapazi atupa.

Lachinayi, 20 Juni

Amayi ndinawauza m'mawa ndikuwapesa. Kunena uli kumbuyo kwa munthu n'kosavuta. Zonse, galaja, ophunzira, zenera. Ndinadikira mkuntho. Anangoti ndikukoka tsitsi.

Achimwene anaimba ali pa ulendo kuti wowotcherera uja akufuna kudzayeza shedi sabata ya mawa. Alamu apita kukayesa yunifolomu ku bekale, abwera nayo m'pepala la pulasitiki, aibisa pansi pa matilesi ngati chinthu chamanyazi.

Masana ndinalowa ndi tiyi. Ndinawapeza Amayi atadzikhwekhwereza okha mpaka kumapeto kwa bedi, moyang'anana ndi kalilole wa pa kabati. Sanandione. Anakweza dzanja lamanzere, anapana zala ziwiri m'malere, n'kuyamba kuzungulira mlomo wa mtsuko wosaoneka. Maso ali pa mayi wa m'kaliloleyo. Ndinaima pakhomo, tiyi akuzizira.

"Taona, Pensulo," anatero osacheuka. "Uyo lamanja lake likugwira."

Kenako anayesa pa kamtsuko ka a Manzere. Zala zinkaterereka, anatsala pang'ono kukagwetsa. Anatukwana mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Anati dzanjali ndi mbuli, lakhala zaka zonsezi likuzunguza phale osaphunzira kanthu, lofunika kulikalipira munthu wodziwa.

Madzulo analanda supuni. Theka la msuzi linathera pa chifuwa. Nditati ndiwathandize anandiyang'ana ndi diso lija, ndinabweza dzanja. Bulauzi ina yochapa. Sindikudandaula.

Loweruka, 22 Juni

Amayi aimba foni okha. Dzulo lonse chikatoni cha sopo chinali pa tebulo, pansi pa kamtsuko, ndipo palibe anachitchula. M'mawa uno anati ndiwapatse foni, ndiwawerengere manambala. Anadina ndi chala chamanzere, kulakwitsa, kufufuta, kuyambiranso. Anakana kuti ndituluke, akuti ndigwire foniyo pafupi, mawu amveke.

Moni panalibe. "Ndine." Mbali inayo kunkamveka mabasi. Kenako Amayi: "Usaganize kuti ndikupepesa. Khosi umanenepetsabe. Koma dzanja ili landitsalira ndi lako lija, ndipo silidziwa kanthu. Ubwere udzaliphunzitse."

A Manzere anayankha kuti ophunzira awo amayamba m'mawa, sanyoza mphunzitsi, ndipo akalakwitsa pali kansalu konyowa. Amayi anati kansaluko abwere nako, akale kaja ngati sanakagulitse. Onse awiri anatulutsa kaphokoso kena, kuseka kapena chifuwa, sindinasiyanitse.

Agwirizana Lachiwiri m'mawa. Ku shedi.

Atadula anaitanitsa alamu. Anabwera akupukuta m'manja, anagwada pakhomo. Amayi anati dzanja limodzi silingapane mlomo n'kuzunguzanso phale, ndiye pafunika wina wokhala kutsogolo kwawo, maondo kugundana. "Uzidzazunguza ndiwe, mpongozi. Ndipo maso usadzatseke, wamva? Ndatopa nako kufulatira." Alamu anangoti chabwino Amayi, n'kutuluka. Posakhalitsa ndinamva mgolo ukutsegulidwa, kenako mapazi m'dongo, tchwa, tchwa. Mpaka pano akupondabe.

Achimwene ndawaimbira. Sanalonjeze zambiri. Akuti aone mtsuko umodzi wosadontha wa manja a akazi awo, wowotcherera uja amuuza adikire. Dongo limafuna masiku kuti liume, moto nawo uli ndi maganizo ake, mwezi watsala pang'ono. Mwina sizitheka. Mwina azimayi awiriwa akangoonana ayambana moni usanathe. Yunifolomu ikadali pansi pa matilesi.

Ndatopa kufikira m'mafupa. Kuntchito mkonzi wa nyuzipepala akufunsa nkhani yake, ndilibe. Ndiyenera kuzula thabwa la pazenera kuti mulowe kuwala, ndipeze mpando wotsamira, ndichape ziguduli.

Akundiitana. Akuti ndiwawenge zikhadabo za kumanzere, zifupike kwambiri, zingakande dongo. Chowengera chija ndinachiika pati?